TIMANKHWALA TOSAONEKA NDI MASO: KODI WODWALA WA KU NAMITETE APINDULA NATO CHIYANI?

Munthu wochoka mu mzinda wa Lilongwe kulowera ku Mchinji, akapitirira Chitedze ndi Msundwe, amafika pa Namitete, pamene pali Chipatala cha St Gabriel chimene Masisitere a Chikarimeli ochokera ku Luxembourg anachiyamba m'chaka cha 1959. Monga m'zipatala zonse za kumidzi, ena mwa odwala ofika kumeneko amadza ndi zilonda: mwana amene anagwera pa moto, mlimi amene bala la khasu lamnyekera, ndi munthu amene chilonda chake chakana mankhwala onse popeza pansi pake pali khansa. Tsono masiku ano kwamveka mbiri yakuti akatswiri a maiko akutali akuchiritsa nthenda zotere ndi timankhwala tosaoneka ndi maso. Nkhani imeneyi iyenera kupetedwa bwino, pakuti muli mphale, mulinso gaga.

Muyeso wa tizinthu timeneti umatchedwa nanomita. Mu milimita imodzi, imene ndi kamzere kakang'ono ka pa rula ya mwana wa sukulu, muli mananomita 1,000,000, ndipo tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake ndi mananomita pafupifupi 80,000. Chinthu chikaphwanyidwa kufikira mananomita 100 kapena kucheperapo, chimayamba kusintha khalidwe: chimasungunuka mwa njira ina, chimalandira kuwala mwa njira ina, ndipo chimalowa m'malo amene chinthu chachikulu sichingalowemo. Nzeru yonse yagona pamenepo.

NTHENDA YA KAPOSI

Chimene ambiri sachidziwa ndi ichi, kuti mankhwala oyamba a mtundu umenewu amene analoledwa ku Amereka anali a nthenda yodziwika bwino m'Malawi muno. Nthendayo ndi khansa ya Kaposi, imene dotolo wa ku Vienna, Moritz Kaposi, anailongosola m'chaka cha 1872. Imaonekera pa khungu ngati mawanga akuda kapena timabulu tolimba, makamaka ku miyendo, nitupitsa mapazi mpaka munthu kulephera kuvala nsapato. Nthawi zina imafika m'kamwa ndi m'mapapo. Chiyambire mliri wa Edzi, yakhala imodzi mwa khansa zosautsa kwambiri amuna a dziko lino.

M'chaka cha 1995 Boma la Amereka linavomereza mankhwala otchedwa Doxil. Mankhwala enieni a m'kati mwake, doxorubicin, ndi akale ndithu, ndipo ngakhale amapha khansa, amafooketsanso mtima. Chatsopano chinali chakuti anawakulunga m'timatumba ta mafuta ta mananomita pafupifupi 100. Mitsempha ya magazi ya m'chotupa imakhala yobooka-booka ngati lichero lakutha, motero timatumbato timatulukira pamenepo ndi kuunjikana m'chotupamo, pamene ku mtima kumafika pang'ono chabe. Sikuti alibe zovuta zake, pakuti odwala ena amasupuka m'manja ndi ku mapazi.

Koma mtengo wake ndi waukulu, ndipo m'chaka cha 2011 mankhwalawa anasowa ngakhale ku Amereka komweko, fakitale yowapanga itapezeka ndi zolakwika. Chimene chasintha moyo wa odwala a kuno ndi mankhwala otalikitsa moyo, amene Boma linayamba kugawa mwaulere m'chaka cha 2004, pamodzi ndi mankhwala a khansa a masiku onse. Kafukufuku amene odwala a m'Malawi muno analowamo pamodzi ndi a ku Kenya, Uganda, Zimbabwe, South Africa ndi Brazil, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2020, anaonetsa kuti mankhwala a paclitaxel amaposa bleomycin ndi vincristine amene zipatala zinazolowera.

SILIVA PA BALA LA MOTO

M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu chimakoka banja lonse kudza ku moto, ana akupsa amachuluka, ndiponso anthu odwala khunyu amene amagwera pa mafuwa. Wakupsa kawirikawiri saphedwa ndi motowo, koma ndi tizilombo timene timalowa pa bala pambuyo pake. Siliva amapha tizilombo timeneti, ndipo mafuta oyera a silver sulfadiazine akhala m'zipatala chiyambire 1968; vuto lake n'lakuti ayenera kusinthidwa tsiku ndi tsiku, ndipo amene anamvapo kulira kwa mwana pomumasula bandeji adziwa tanthauzo la mawu amenewa. Katswiri wa ku Canada, Robert Burrell, anapanga nsalu yokutidwa ndi tiziduswa ta siliva, yotchedwa Acticoat, imene imatulutsa silivayo pang'onopang'ono kwa masiku atatu, ina mpaka asanu ndi awiri. Ndi chinthu chabwino, koma chodula, ndipo sichilowa m'malo mwa madzi aukhondo, chakudya chokwanira ndi namwino wosamala. Mayi amene athira madzi ozizira pa bala kwa mphindi 20, osapakapo dzira, dothi kapena mankhwala otsukira mano, wachita kale mbali yaikulu ya ntchito.

Za tiziduswa ta golide, timene timatenthedwa ndi kuwala kuti tiwotche chotupa, nkhani yake ndi yaifupi. Naomi Halas ndi Jennifer West a ku Rice University anaonetsa zimenezi pa mbewa m'chaka cha 2003, koma kufikira lero sindiwo mankhwala a masiku onse a khansa ya pakhungu m'dziko lililonse. Wogulitsa aliyense wonena kuti botolo lake lili ndi mphamvu yotere ayenera kufunsidwa chilolezo cha Boma.

DZUWA NDI ANTHU ACHIALUBINO

Pamene luso limeneli lafika pafupi kwenikweni ndi mudzi ndi pa nkhani ya anthu achialubino. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 134,636 achialubino m'dziko lino. Nyuzi zalemba zambiri, ndipo moyenera, za zigawenga zimene zakhala zikuwapha, koma mdani amene amatenga ochuluka mwakachetechete ndi dzuwa. Khungu lopanda utoto wakuda silitha kutchinga cheza cha dzuwa. Poyamba limafiira ndi kuwawa. Pakapita zaka pamabwera timikanda tokhakhala pa nkhope, m'makutu, pa milomo, pa khosi ndi pa mikono. Kenaka kamodzi mwa timikandato kamasanduka chilonda chosapola, chimene chimadya mnofu mpaka fupa. Ambiri amafa asanafike zaka 40. M'dera la alimi a chimanga, mtedza ndi fodya ngati la Namitete, Nsaru ndi Kabudula, kumene munthu amakhala m'munda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, ngozi imeneyi njaikulu.

Mafuta ambiri otchinjiriza ku dzuwa ali ndi ufa wa zinc oxide kapena titanium dioxide. Kale ufawo unali wokhakhala, ndipo wodzola ankaoneka ngati wapakidwa njereza, kotero kuti mwana wosekedwa kale ndi anzake sankafuna kuwonjezera chitonzo china. Ufa womwewo ukasinjidwa kufikira mananomita osakwana 100, suonekanso pa khungu, komabe umatchinga cheza chowononga. Akatswiri amene anapima anapeza kuti tiziduswato sitipyola khungu lakunja la munthu wopanda chilonda. Ku Tanzania, pa sukulu ya matenda a khungu ya ku Moshi, anayamba kupanga mafuta awoawo otchedwa Kilisun, ndipo m'chaka cha 2025 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika mafuta otchinjiriza ku dzuwa pa mndandanda wa mankhwala ofunika. Ichi chitanthauza kuti oona za chuma ndi ogula mankhwala a Boma sayeneranso kuwayesa zodzoladzola za anthu olemera.

Mafutawo pa okha sakwanira. Ayenera kudzoledwa tsiku lililonse ngakhale kuli mitambo, ndi kubwerezedwa munthu akatuluka thukuta, ndipo botolo likatha mwezi wa October chipatala chilibe lina, phindu la miyezi yonse yapita. Bungwe la APAM, loimira anthu achialubino, lakhala likudandaula kawirikawiri za kusowa kwa mafutawa m'zipatala zazing'ono. Timikanda tija tikaonedwa msanga, dotolo amatiumitsa ndi madzi ozizira koopsa a nitrogen m'kanthawi kochepa, monga amachitira a bungwe la Standing Voice pa zipatala zawo zoyendayenda. Chotupa chaching'ono chimadulidwa ndi mpeni. Chikakula, wodwala atumizidwa ku Chipatala cha Kamuzu Central, kumene malo a Boma ochizira khansa ndi makina owotcha anatsegulidwa m'chaka cha 2025, kuchepetsa kufunika kwa ulendo wa ku Zambia, Tanzania ndi India umene ochepa okha ankaupeza.

Apa mphunzitsi ali ndi mphamvu imene katswiri wa ku Ulaya alibe. Iye ndiye amaona mwanayo masiku asanu pa sabata. Angathe kumulola kuvala chipewa cha khonde lalikulu ndi malaya a manja aatali ngakhale yunifolomu inena zina, kumuimika pa mthunzi nthawi ya mzere wa m'mawa, kusamtuma kukalambula bwalo masana, ndi kumukhazika kutsogolo m'kalasi popeza maso ake saona patali. Ndipo akaona kachilonda pa khutu kapena pa mlomo kamene katha mwezi osapola, alembe kalata kwa makolo ndi kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo sabata yomweyo, asadikire tchuthi.