Tiyezetse Magazi Tisanamange Nikah



Mlimi sabzala mbewu asanaisankhe. Nanga bwanji pa ukwati sitifufuza zomwe zili m'magazi mwathu?

Pali matenda otchedwa sikoselo. Tizigawo tofiira ta m'magazi, m'malo mokhala tobulungira, timapindika ngati mwezi wongooneka kumene, n'kumatseka mitsempha. Mwana amatupa manja ndi mapazi, maso amachita chikasu, magazi amachepa pafupipafupi, ndipo amalira ndi ululu wa m'mafupa. Kawirikawiri zimayamba akamakwanitsa miyezi 6. Si ufiti ayi, si majini, ndi zakumtundu.

Chovuta n'chakuti munthu amatha kusunga mbewu ya matendawa koma osadwala. Amapalasa bwato, amalima mpunga, ali bwinobwino. Anthu otere amachuluka m'madera a malungo ngati kunyanja kuno, chifukwa mbewuyi imatchinjirizako malungo aakulu. Koma bambo ndi mayi onse akakhala nayo, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi matendawa ndi umodzi mwa 4. Ndiye tisamaloze chala mayi yekha.

Zimenezi sizioneka ndi maso, mpaka kuyezetsa. Masiku ano kuli tizipangizo tofanana ndi toyezera malungo: kubaya chala, kadontho ka magazi, zotsatira n'kutuluka pa mphindi zochepa, osafuna magetsi. Funsani ku chipatala chapafupi. Ngati alibe, akulozereni kopita.

Mwana akapezeka nawo msanga, katemera, penicillin ndi kugona m'neti zimamuteteza kwambiri. Achinyamata, yezetsani nonse awiri, kenako musankhe mukudziwa. Allah atisungire ana athu.