Ku Yakutsk chisanu chikamatha, katundu amakwera mtengo

Ine ndinkayesa kuti kumaiko ozizira anthu amavina chisanu chikamatha. Ayi ndithu. Ku Yakutsk, mzinda wa ku Siberia m'dziko la Russia, iyi ndi nthawi imene a geni amagona tulo tochepa.

Mzindawu uli tsidya lina la mtsinje waukulu wa Lena, pamene njanji ndi msewu wobweretsa katundu zili tsidya linalo, ndipo mlatho sunathebe kumangidwa. M'nyengo yozizira madzi amaundana kuti gwa ngati konkire, malole odzaza katundu n'kumadutsa pamwamba pake. Koma ikafika Epulo ayeziyo amayamba kufewa, boma n'kutseka njirayo. Pantoni nayo singayende chifukwa zibuma za ayezi zimakhala zili yandeyande. Kwa milungu ingapo amalonda amangodalira ndege ndi timaboti toyenda pa mpweya. Inu a pamsika mukudziwa kale zimene zimachitikira mtengo wa tomato lole ikapanda kubwera.

Chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti mtsinjewu umalowera chakumpoto. Kumtunda kwake, komwe ndi kum'mwera, kumayamba kufunda, madzi n'kutsika mwaukali, koma kutsogolo amakapeza mtsinje udakali woundana. Zibuma zija zimaunjikana n'kutseka njira ngati damu, madzi n'kusefukira m'makomo mwa anthu. Mu Meyi 2001 tauni ya Lensk, ya m'mbali mwa mtsinje womwewu, inamira motero, anthu zikwizikwi n'kusowa pogona. Zinafika poti ndege zankhondo zinachita kuphulitsa ayeziyo ndi mabomba, abale anga, kuti madzi apeze podutsa.