Phunziro Limene New York Anatola pa Zigumukire za Siteshoni

Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Mawu amenewa anapherezeka mumzinda wa New York, m'dziko la Amereka, m'chaka cha 1963, pamene anthu anaonerera akugumula siteshoni ya sitima zapamtunda yotchedwa Pennsylvania Station.

Siteshoniyi inatsegulidwa mu 1910, ndipo inali yochititsa kaso ndi mizati yake ikuluikulu yamiyala ndiponso denga lagalasi. Koma m'zaka za m'ma 1950 apaulendo ambiri anatembenukira ku galimoto ndi ndege, motero chuma cha kampani ya njanji chinayamba kulowa pansi. Eni ake anaona kuti malowo angawapindulire koposa atamangapo zina. Akatswiri ojambula mapulani a nyumba anachita zionetsero mu 1962, koma panalibe lamulo loletsa munthu kugwetsa nyumba yake. Pamalopo panadzamangidwa bwalo la masewero la Madison Square Garden, ndipo apaulendo anatsala ndi siteshoni yopanikiza ya pansi pa nthaka.

Chisoni cha anthu chinabala lamulo. Mu April 1965 meya Robert Wagner anasaina lamulo lopatsa mphamvu bungwe la anthu 11 lotchedwa Landmarks Preservation Commission. Bungweli limaunika nyumba zimene zakwanitsa zaka 30, ndipo likagamula kuti nyumba ina ndi yofunika pa mbiri ya mzinda, mwini wake sangaigwetse kapena kusintha maonekedwe ake akunja popanda chilolezo. Lamulolo linazindikiranso kuti mbiri sikhala m'nyumba imodzi yokha ayi, koma m'misewu yathunthu. N'chifukwa chake chaka chomwecho dera lonse la Brooklyn Heights linakhala loyamba kutetezedwa.

Mayeso aakulu anadza pa siteshoni ina, Grand Central Terminal, imene inatsegulidwa mu 1913. Kampani ya Penn Central inafuna kusanjika pamwamba pake nyumba ya maofesi yansanjika zoposa 50. Bungwe litakana, kampaniyo inakasuma ponena kuti mzinda wailanda chuma popanda chipukutamisozi. Mai Jacqueline Kennedy Onassis anali mmodzi mwa amene anaima nji kuteteza siteshoniyo. Mu 1978 bwalo lalikulu la milandu la dzikolo linagamula mokomera mzinda, oweruza 6 kutsutsana ndi 3. Iwo anati kampaniyo inali ikupindulabe ndi siteshoni yake, ndiponso inali ndi ufulu wosamutsira chilolezo chomangira m'mwamba ku malo ena oyandikana nawo.

Komabe mkangano sunathere pomwepo. Eni nyumba amadandaula kuti kukonza nyumba yotetezedwa kumadya ndalama ndi nthawi, pamene ena amati madera otetezedwa amalepheretsa kumanga nyumba zatsopano mumzinda umene anthu ake akusowa pokhala. Tsono ntchito ya bungweli ndi kuyeza mbali ziwirizi pa nyumba iliyonse, pokumbukira kuti chilolezo chokanidwa chikhoza kupemphedwanso, koma nyumba ikagwa yagwa.