Kholo Losadziwa Chipwitikizi Lingathandize Bwanji Mwana wa Kalasi Yoyamba?

Sukulu zikatsegulidwa kumayambiriro kwa chaka, aphunzitsi a makalasi oyambirira ku Angónia amakumana ndi makolo a mitundu iwiri. Ena amabwera ndi dandaulo: anatumiza mwana kusukulu kuti akaphunzire Chipwitikizi, koma akatsegula kope lake akupezamo Chichewa chomwe amayankhula kale pakhomo. Ena sabwera n'komwe. Iwo amati za sukulu n'za aphunzitsi, popeza eni akewo sanapite patali ndi maphunziro. Magulu awiriwa amaoneka osiyana koma maganizo awo ndi amodzi, akuti maphunziro enieni ali m'Chipwitikizi ndipo wosachidziwa alibe chopereka.

Maganizowa akapanda kuyankhidwa, wovutika ndi mwana. Kholo lodandaula lija limayamba kunyoza zomwe mwana akuphunzira, pomwe kholo lodzikayikira limangokhala chete. Chonsecho, zambiri zomwe mwana wa zaka 6 mpaka 8 amafunikira kuti adziwe kuwerenga ndi masamu zimamangidwa m'chiyankhulo cha pakhomo, ndipo makolo a ku Ulónguè, ku Dómuè ndi m'midzi yonse ya m'mapiri muno ali nazo kale m'manja.

Kumene ndondomekoyi inachokera

Chigawo cha Tete ndi chimodzi mwa zigawo ziwiri zomwe zinayamba kuyesa maphunziro a ziyankhulo ziwiri m'dziko muno. Kuyambira 1993 mpaka 1997, bungwe la INDE linayendetsa ntchito ya PEBIMO, yomwe inaphunzitsa ana m'Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Tete, komanso m'Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Carol Benson, yemwe anaunika ntchitoyi, anapeza kuti ana a m'makalasi amenewo ankayankhula momasuka ndi aphunzitsi awo ndipo ankadzidalira. Mu 2003 boma linalowetsa maphunzirowa m'sukulu zake, ndipo lamulo la maphunziro la 2018, Lei 18/2018, linawavomereza ngati njira imodzi yophunzitsira kupulayimale.

Malinga ndi ndondomeko yomwe inayamba mu 2003, m'makalasi atatu oyamba mwana amaphunzira m'chiyankhulo chake. Chipwitikizi amayamba nacho pakamwa, kumva ndi kuyankhula, kenako n'kuyamba kuchiwerenga ndi kuchilemba asanafike poti aziphunzira nacho maphunziro ena. Maziko a njirayi ndi mfundo yomwe Jim Cummins anafotokoza mu 1979, yakuti luso lomwe mwana walipeza m'chiyankhulo chimodzi silitayika akamaphunzira china. Munthu amaphunzira kamodzi kokha kuti malembo amaimira maliwu, kuti mzere umayambira kumanzere, ndi kuti nkhani ili ndi poyambira ndi pothera. Mwana wodziwa kuwerenga "mutu" sadzavutika kutchula "mato". Chomwe chidzatsale ndi kudziwa tanthauzo lake.

Kuyankhula kumatsogola

Kuwerenga kuli mbali ziwiri: kutchula zolembedwa ndi kumvetsa zomwe watchulazo. Mbali yoyamba imaphunzitsidwa m'kalasi. Mbali yachiwiri imadalira kwambiri kuchuluka kwa mawu omwe mwana amawadziwa ndi kuzolowera kwake kutsatira nkhani yaitali. Mphunzitsi wokhala ndi ana odzaza chipinda sangathe kucheza ndi mwana aliyense payekha tsiku ndi tsiku, koma agogo angathe.

Nthano ya madzulo ndiyo chida champhamvu kuposa zonse pamenepa. Mwana akamayankha "tili tonse" amakhala akutsatira amene akuchita zinthu, chomwe akufuna, chopinga chomwe wakumana nacho ndi mathero ake. Awa ndi mafupa a nkhani iliyonse yomwe adzaiwerenge m'buku. Aphunzitsi angapemphe makolo kuti awonjezere zinthu ziwiri zokha. Choyamba, wofotokoza aime pakati n'kufunsa kuti, "Ukuganiza kuti Kalulu achita chiyani tsopano?" Chachiwiri, mawa lake mwanayo afotokozere mng'ono wake nthano yomweyo m'mawu akeake. Kulosera ndi kubwereza nkhani ndi maluso omwe mphunzitsi amawafuna pa phunziro la kumvetsa nkhani.

Ntchito za pakhomo nazo zili ndi mawu ochuluka. Mayi akamasankha nyemba, bambo akamakwezera mbatata ya kachewere kapena kukonza goli la ng'ombe, mwana amakhala pomwepo koma nthawi zambiri amangomva zomutuma: tenga ichi, pita uko. Kholo likamafotokoza chifukwa chake, mwachitsanzo chifukwa chomwe mbewu ya chimanga imasankhidwa ku zitsononkho zazikulu, mwana amamva mawu ngati "chifukwa", "ngati", "pokhapokha" ndi "pambuyo pake". Mawu olumikiza maganizo amenewa ndiwo amadzaza mabuku a sayansi ndi masamu. Zilapi nazo zimaphunzitsa mwana kufanizira chinthu ndi chinzake ndi kufufuza tanthauzo lobisika.

Maphatikizo opanda buku

Chichewa chili ndi mwayi womwe ziyankhulo zambiri zilibe. Phatikizo lililonse, kupatula ochepa ngati m' wa "m'nyumba", limathera pa limodzi mwa malembo asanu a, e, i, o, u, ndipo mawu amalembedwa pafupifupi monga momwe amamvekera. Mwana amene khutu lake lazolowera kugawa mawu m'maphatikizo amakhala atayenda kale mtunda wautali asanagwire pensulo.

Khutuli lingaphunzitsidwe popanda lembo ngakhale limodzi. Kholo litchule mawu, mwana awombe m'manja pa phatikizo lililonse: nya-ma kawiri, chi-ma-nga katatu, ka-che-we-re kanayi. Sewero lina ndi lopikisana kutchula mawu oyamba ndi phatikizo limodzi, monga madzi, mafuta, masamba, malaya, mpaka wina athedwe. Ana okulirapo angasinthe phatikizo loyamba n'kuona mawu atsopano omwe atuluke: phala, chala, njala, mbala. Seweroli limanola khutu pa maliwu ovuta kulemba ngati ph, nkh, nth ndi ng'. Zonsezi zingachitike panjira ya kumunda kapena podikira kuchigayo.

Nalo kholo losadziwa kuwerenga lingamvetsere mwana akuwerenga. Lingamuuze kuti aloze ndi chala pomwe akuwerenga, kenako n'kumufunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani. Popeza nkhaniyo ili m'Chichewa, kholo limazindikira msanga ngati mwana watchula mawu opanda tanthauzo. Ichi n'chinthu chomwe makolo ambiri sakanatha kuchita pamene buku la kalasi yoyamba linali la Chipwitikizi chokha.

Masamu a pamsika ndi pabwalo

Kawerengedwe ka Chichewa kali ndi masamu m'kati mwake. Nambala 7 ndi "zisanu ndi ziwiri", 9 ndi "zisanu ndi zinayi", ndipo 23 ndi "makumi awiri ndi zitatu". Mwana wotchula motere akuphatikiza kale, ndipo akumva ndi khutu lake kusiyana kwa makumi ndi manambala otsalira, komwe ndi phata la masamu a kalasi yachiwiri. M'misika ya m'malire ngati ku Calómuè anthu amakonda kutchula mitengo m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi, kotero ana ambiri amatha kuloweza "um, dois, três" mpaka patali koma osadziwa kuti 8 ndi yaikulu kuposa 6 ndi zingati. Kuloweza mayina a manambala n'kosiyana ndi kudziwa kuchuluka.

Kuchuluka kumaphunziridwa ndi manja. Mwana aunjike tomato milu ya anayi anayi, awerenge nkhuku zikamalowa m'khola n'kunena ngati yasowapo, agawe mtedza mofanana kwa abale ake atatu n'kuona zotsala. Phada ndi bawo ndi masewero owerengera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kholo lomwe limagulitsa pamsika limachotsera ndi kuchulukitsa mametikali m'mutu tsiku lonse. Likamawerengera mokweza mwana akumva, limakhala likuphunzitsa.

Nkhani ya c ndi ch

Pali chinthu chimodzi chomwe chimasokoneza makolo odziwa kuwerenga ku Angónia, ndipo n'chofunika kuchifotokoza msanga. Pa nthawi ya nkhondo yomwe inatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992, anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a kuno anakhala m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Kufikira lero zolembedwa zambiri za Chichewa zomwe zimapezeka m'makomo zimachokera kutsidyako, komwe amalemba chimanga, chala ndi Chichewa. Malamulo a kalembedwe a ku Mozambique, omwe anayamba kukonzedwa pa msonkhano wa ku Maputo mu 1988, amalemba liwu lomwelo ndi c yekha: cimanga, cala, Cinyanja.

Bambo amene anaphunzira kuwerenga kutsidya akaona "cala" m'kope amaganiza kuti mwana walakwitsa, ndipo mwina amamukonzera. Mwana amatsala pakati, osadziwa kuti amvere ndani. Mphunzitsi angathetse zimenezi pa msonkhano umodzi polemba mawu amodzi m'njira zonse ziwiri pabolodi. Angakumbutsenso makolo kuti makope akale a Buku Lopatulika nawo amalemba c yekha, kotero kalembedweka si kachilendo.

Lembo lomweli limabweranso ndi vuto lina mwana akayamba kuwerenga Chipwitikizi. Mu "casa" c amamveka ngati k, mu "cebola" amamveka ngati s, ndipo ch wa mu "chuva" ndi liwu linanso. Liwu la ny wa mu "nyama" limalembedwa nh mu "galinha". Komanso l ndi r, omwe m'Chichewa sasiyanitsa tanthauzo la mawu, m'Chipwitikizi amasiyanitsa. Apa luso la Chichewa silingowoloka lokha. Mphunzitsi ayenera kuphunzitsa kusiyanaku mwadala, ndipo iyi si ntchito yosiyira makolo.

Mbali ya mphunzitsi

Makolo sangayambe zonsezi asanauzidwe kuti n'zofunika. Feliciano Chimbutane, m'buku lake la 2011 lochokera pa kafukufuku wa m'sukulu za ku Gaza, anasonyeza kuti chiyankhulo cha pakhomo chikalowa m'kalasi, nzeru za m'mudzi zimalowa nacho, ndipo makolo amasanduka anthu oti ana ndi aphunzitsi n'kuwafunsa. Khomo lake lilipo kale, chifukwa ndondomeko ya maphunziro yomwe inayamba mu 2004 inapatula magawo 20 pa 100 a nthawi kuti akhale a currículo local.

Poyambira pabwino ndi TPC. Ntchito yokopera mizere khumi imatsekera kunja kholo losadziwa kulemba. Ntchito yakuti "ukafunse agogo mayina asanu a ndiwo zakutchire" kapena "ukawerenge mbuzi za pakhomo ubwere ndi yankho" imalowetsa aliyense. Mawa lake mphunzitsi alembe mayankhowo pabolodi kuti ana awerenge mawu omwe abwera nawo okha.

Misonkhano ya makolo ichitike m'Chichewa kuyambira moni mpaka kutseka, ndipo ikhale yoonetsa zinthu. Ana atatu akaombera maphatikizo m'manja pamaso pa makolo, kenako makolowo n'kuyesa, uthenga umalowa kuposa kuyankhula kwa ola lathunthu. Ayitanidwe onse olera ana: agogo, azakhali, amalume ndi achemwali aakulu, popeza nthawi zambiri ndiwo amakhala ndi mwana madzulo. A Conselho de Escola, mafumu ndi atsogoleri a mipingo angathandize kufikira omwe sabwera. Pempho likhale limodzi pa nthawi, laling'ono, losafuna ndalama ngakhale nyali.

Nkhani ya kujomba nayo ikambidwe poyera. Chaka cha sukulu chimayamba m'miyezi ya njala ndi mvula, kenako kumabwera kukolola, ndipo mu Juni ndi Julayi kuzizira kwa m'mapiri muno kumachedwetsa ana aang'ono m'mawa. M'kalasi yoyamba malembo amaphunzitsidwa motsatana, lina kutsamira pa linzake. Mwana wojomba sabata ziwiri amabwerera n'kupeza mawu omangidwa ndi malembo omwe sanawaone. Kholo likamvetsa zimenezi limaganiza kawiri lisanamusiye pakhomo kuti alere khanda pa tsiku la msika.

Yankho kwa kholo lodandaula

Kholo lofuna Chipwitikizi silikulakwa. Mayeso, sukulu ya sekondale ndi ntchito za boma zili m'Chipwitikizi, ndipo kulinyoza dandaulo lake n'kutaya bwenzi. Mphunzitsi anene zoona: Chipwitikizi chikuphunzitsidwa kuyambira kalasi yoyamba, ndipo ndi udindo wa sukulu kuti phunziro limenelo lisadumphidwe ndiponso kuti ana aziyankhula m'phunzirolo, osangobwereza pamodzi zomwe mphunzitsi wanena. Mwana akabwera ndi mawu atsopano a Chipwitikizi, kholo limufunse tanthauzo lake m'Chichewa. Koma lisasiye Chichewa chake chakuya n'kumayankhula ndi mwana Chipwitikizi cha mawu owerengeka, chifukwa mwanayo adzaperewera mbali zonse ziwiri.

Zimathandiza kulonjeza chinthu chooneka ndi maso. Mphunzitsi angauze kholo kuti libwerenso kumapeto kwa chigawo chachiwiri cha chaka kudzamva mwana akuwerenga, ndipo pofika kalasi yachitatu lidzamupatse kapepala ka Chipwitikizi kuti ayese kutchula. Makolo ambiri amakhutira akamva ndi makutu awo. Pamisonkhano ya ZIP, aphunzitsi angagawane ntchito za TPC zomwe makolo anazilandira bwino ndi zomwe zinakanika, kuti wolandira kalasi yoyamba chaka chamawa adzapeze poyambira.