Fumbi la utuchi likudya mapapo a akalipentala athu mwakachetechete

Mukamadutsa pa mlatho wa Chia mumsewu wa M5, maso amathamangira pa chambo chimene anyamata amakweza m'mwamba poitanira makasitomala. Ine ndikatsika pamenepo ndimayamba ndamva kulira kwa sowo, chifukwa kuseri kwa msika kuli shedi ya malume anga. Akhala akupala matabwa kuyambira ndili mwana: zitseko, mabedi, mabenchi a tchalitchi, nthawi zina matabwa okonzera maboti a asodzi.

Ulendo wapitawu ndinawapeza tsitsi ndi nsidze zili mbuu, ngati atuluka m'chigayo. Anatsokomola kwa nthawi yaitali asanandipatse moni. Nditawafunsa, anangoseka: "Mphwanga, ndi utuchi chabe uwu, ndikamwa tiyi chimatha." Koma chifuwacho chatha miyezi, ndipo Lamlungu akapuma chimachepa, Lolemba n'kuyambiranso. Izi ndi zimene zinandichititsa kufufuza nkhaniyi.

Makina awo ndi ofanana ndi amene mumawaona m'mashedi ambiri: tebulo lowotcherera, mota pansi, lamba, ndi sowo yozungulira yotulukira pamwamba. Sowo yotere imazungulira maulendo oposa 3,000 pa mphindi imodzi. Mano ake amatsika kutsogolo, kumene mmisiri waima, n'kutaya utuchi wambiri pansi pa tebulo. Koma wina umatsalira pakati pa mano, umazungulira nawo, n'kutulukira kumbuyo, ndipo sowoyo imauwaza molunjika kumaso kwa mmisiri.

Utuchi umene timauona utaunjikana pansi si umene uli woopsa kwambiri. Woopsa ndi fumbi losalala, lochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, limene limayandama mumpweya kwa nthawi yaitali makina atazimitsidwa. Mumaliona pokhapokha dzuwa likalowera pabowo la malata. Limeneli ndi limene limakakamira m'mphuno ndi kutsikira m'mapapo.

Akatswiri akuti fumbi la matabwa limayambitsa mphumu, chimfine chosatha, kuyabwa kwa maso ndi khungu. Mu 1995, bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linaika fumbili m'gulu la zinthu zimene zimayambitsa khansa mwa anthu, makamaka ya m'mphuno. Chiopsezo chimakula ndi mitengo yolimba, ndipo mlombwa ndi mbawa, zimene makasitomala athu amazikonda kuposa paini wa ku Chikangawa, zili m'gulu la mitengo yolimbayo. Ku Britain, lamulo sililola fumbi la mitengo yolimba kupitirira mamiligalamu 3 pa kiyubiki mita imodzi ya mpweya. Kuno kwathu tili ndi lamulo la 1997 loteteza moyo ndi umoyo wa anthu pantchito, koma shedi ya munthu mmodzi ndi ophunzira awiri imadzisamala yokha.

Ndiye titani, poti makina okoka fumbi ochokera kunja ndi odula? Choyamba ndi kumvetsa kayendedwe ka mpweya. Fumbi liyenera kugwidwa pamene likubadwira, lisanamwazike. Pa sowo ya patebulo malowo ndi awiri: pansi pa tebulo ndi pamwamba pa sowo. Kunsi, mutha kutchinga mbali zonse ndi zidutswa za pulaiwudi kuti pakhale ngati bokosi, n'kulumikizapo paipi yaikulu, ya mainchesi 4, yopita ku fani yokoka mpweya. Osatseka bokosilo ndithithi ayi. Mpweya sutuluka ngati wina sakulowa, choncho siyani mipata, ndipo mota nayo ipeze popumira kuti isatenthe.

Paipi ikhale yaifupi komanso yosakhotakhota, chifukwa pokhota paliponse mpweya umafooka ndipo utuchi umayamba kugona m'kati. Amisiri ena amaika mgolo pakati pa makina ndi fani. Mpweya ukalowa cham'mbali umazungulira ngati kamvuluvulu, utuchi wolemera n'kugwera pansi pa mgolowo. Mpweya wotsalawo uzitulukira panja, kutali ndi khomo la nyumba, osati m'shedi momwemo. Pamwamba, chophimba sowo chimene ambiri amachichotsa ponena kuti chikuchedwetsa ntchito chimatchinga fumbi lobwerera kumaso, komanso chimateteza zala.

Kwa amene alibe ndalama ya fani, pali thandizo laulere limene ife a kunyanja timalidziwa bwino: mphepo. Msodzi aliyense pa Chia amadziwa nthawi ya mwera ndi nthawi ya mpoto. Mmisiri nayenso ayenera kuyang'ana kumene mphepo ikuchokera, n'kuima moti izidutsa kuchokera kumbuyo kapena kumbali kwake, kupititsa fumbi kutali. Malume anga anali ataika makina pakona yotsekedwa ndi malata mbali zitatu pothawa mvula. Tinawasuntha, tinachotsa lata limodzi, ndipo kusintha kunaoneka tsiku lomwelo.

Zina ndi zazing'ono. Wazani madzi musanasese, chifukwa tsache louma limadzutsanso fumbi lonse. Masiki ansalu amene tinkavala nthawi ya Covid-19 sagwira fumbi losalalali, funsani a N95 kapena FFP2 ndipo agwire bwino pamphuno. Ana asasewere pa mulu wa utuchi. Ndipo utuchiwo ukakhala m'matumba ndi ndalama, popeza oweta nkhuku amaufuna woyala m'khola, ena amaphikira pa mbaula.

Chifuwa chikapitirira masabata awiri, musangoti ndi utuchi. Pitani kuchipatala mukayezetse, chifukwa TB nayo imayamba choncho, ndipo muwauze adokotala ntchito imene mumagwira.

Anzanga ambiri akuphunzira ukalipentala kudzera ku TEVETA ndi m'mashedi a abale awo, poti ntchito za muofesi zikusowa. Ngati ndinu mmodzi mwa iwo, kapena bambo anu ali pa sowo tsiku lililonse, aonetseni nkhaniyi pafoni. Malume anga pano avomera kuvala masiki, ngakhale amadandaula kuti akutentha. Za kuchipatala akuti apita akamaliza zitseko za kasitomala. Ndawauza kuti Loweruka ndikubwera kudzawatenga ndekha.