Mfuti ya gogodela: onga wolakwika umavulaza mwini mfuti

LUSAKA - Mfuti za gogodela, zimene amathira onga ndi cipolopolo kudzera kukamwa kwake, zinafika m'dziko lino m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo: Acikunda, Apwitikizi ndi Aswahili. Kufikira lero zikali kupezeka m'midzi ya m'cigwa ca Luangwa. Banja la ku Kanyama, Matero kapena George limene linatenga mfuti yotere monga colowa ca agogo liyenera kudziwa kuti ngozi yake yaikulu ili mu onga.

Onga uli wa mitundu iwiri. Woyamba ndi wakuda, wa utsi wambiri, ndipo ndiwo umene mfuti zimenezi anazipangira. Waciwiri ndi wopanda utsi, umene Paul Vieille anatulukira ku France m'caka ca 1884, womwe umapezeka m'zipolopolo zamakono. Umenewu umakankha citsulo ndi mphamvu yaikulu koposa, kotero kuti munthu akaukhuthula m'cipolopolo ndi kuuthira mu gogodela, mpope umaphulika ndi kumudula zala, kumuboola maso kapena kumupha. Onga wosakaniza panyumba nawo ndi woopsa, cifukwa palibe angadziwe mphamvu yake asanaombe.

M'maiko ena mmene mfuti izi zimapangidwa mwalamulo, mpope uliwonse umayesedwa usanagulitsidwe. Ku Birmingham nyumba yoyesera mfuti inakhazikitsidwa m'caka ca 1813. Wopanga amachulanso muyeso wa onga umene suyenera kupitirira. Koma mfuti yosula ndi paipi ya madzi, kapena yakale yodyeka ndi dzimbiri, ilibe muyeso uliwonse umene ungachedwe wotetezeka.

Ngakhale ndi onga woyenera, pali zolakwa zinai zodziwika. Coyamba ndi kuthira kawiri, munthu ataiwala kuti mfuti ili kale ndi onga. Caciwiri ndi kusiya mpata pakati pa onga ndi cipolopolo, zimene zimatupitsa kapena kung'amba mpope. Cacitatu ndi kuthira onga kucokera m'nsupa yeniyeni mfuti itangolira kumene, pamene kamoto kotsalira mkati kangayatse nsupa yonse m'manja. Cacinai ndi kusuzumira mu mpope mfuti ikakana kulira, pakuti nthawi zina imalira mocedwa. Ikatero iyenera kulozedwa kopanda anthu kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo.

M'makomboni ngozi imakula cifukwa ca kuthithikana kwa nyumba. Onga wakuda umayaka ndi kamoto kocepa, ndipo m'cipinda cimene muli mbaula, kandulo ndi ana mulibe malo ousungira. Mfuti imene yakhala pansi pa bedi zaka zambiri ingakhale ikali yothira, popeza onga wouma sutha mphamvu msanga.

Lamulo la mfuti, Firearms Act, Caputala 110 ca malamulo a Zambia, limaletsa kusunga kapena kupanga mfuti popanda cilolezo. Kusaka nyama popanda laisensi ndi mlandu pansi pa lamulo la nyama zakuthengo la m'caka ca 2015, limene limayang'aniridwa ndi nthambi ya Department of National Parks and Wildlife, imene inalowa m'malo mwa ZAWA m'caka ca 2016. Ku cigawo ca Kum'mawa, bungwe la COMACO, limene linayamba m'caka ca 2003, lalandira mfuti zambirimbiri kucokera kwa anthu amene analeka kupha nyama mobisa nayamba ulimi ndi kuweta njuci.

Amene ali ndi gogodela yopanda mapepala asaiyese, asaitsuke ndipo asainyamule m'minibasi. Cofunika ndi kuisiya pamalo pamene ana sangaifike, ndi kupita kukadziwitsa apolisi a pafupi kuti amuuze njira yoiperekera.