Chakudza Sichiyimba Ng'oma: Malamulo a Chuma Chobwera Mwadzidzidzi

Tsiku lina ndinafunsa ophunzira anga a Fiqh funso ili: "Mutadzuka mawa n'kupeza kuti muli ndi K10,000,000 yomwe simunali kuiyembekezera, mungachite nayo chiyani?" Mayankho sanachedwe. Wina anati agula njinga zamoto za kabaza, wina anati amangira mayi ake nyumba ya malata, wina anati apita ku Hajj, ndipo wina, mwina pofuna kundisangalatsa, anati apereka yonse ku mzikiti. Koma pa onsewo palibe amene anandifunsa kuti ndalamayo yachokera kuti.

Funso losafunsidwalo ndi pamene mabuku a Fiqh amayambira. Chuma chimene munthu sanachikonzekere chimabwera m'njira zambiri: chuma cha masiye, mphatso, ndalama yopumira pantchito, chipepeso cha ngozi, chikwama chotola pamsewu, kapena ndalama yolowa pafoni molakwika. M'thumba zonsezi zimaoneka chimodzimodzi, koma Shariah inapatsa chilichonse lamulo lake. Choncho Msilamu asanafike pa funso lakuti "ndigule chiyani", pali mafunso atatu oyenera kuyankhidwa motsatana: kodi chumachi n'changa? Ndani ali ndi gawo mmenemo? Nanga chotsalacho ndichiike pati?

Chuma cha ku Bahrain

Nkhaniyi si yachilendo m'mbiri ya Chisilamu. Maswahaba ambiri ku Madina anali osauka, ndipo chuma chinawapeza mwadzidzidzi. M'zaka zomalizira za moyo wake, Mtumiki (SAW) anatuma Abu Ubayda ibn al-Jarrah (RA) kukatenga msonkho wa Jizya ku Bahrain. Nthawi imeneyo dzinali linkaimira dera lalikulu la kum'mawa kwa Arabia, osati chilumba chokha chimene tikuchidziwa lero. Imam Bukhari ndi Imam Muslim anasimba kuti ma Ansaar atamva kuti Abu Ubayda wabwera ndi chuma, anadzaza pa Swala ya Fajr. Mtumiki (SAW) atawaona anamwetulira, chifukwa anazindikira chimene chawabweretsa. Anawauza kuti asangalale, kenako anawachenjeza kuti chimene iye akuwaopera si umphawi, koma kuti dziko lidzawatsegukira monga linatsegukira anthu akale, iwo n'kuyamba kulimbirana, ndipo kulimbiranako n'kuwaononga.

Anas (RA) anasimbanso za chuma cha ku Bahrain chomwe chinakhuthulidwa mu mzikiti. Abbas (RA), amene anali m'bale wa bambo ake a Mtumiki (SAW), anapempha gawo ponena kuti anadziombola yekha ndi Aqil atagwidwa pankhondo. Atauzidwa kuti atenge, anaunjika m'nsalu yake mpaka analephera kunyamula. Anapempha kuti wina amusenzetse, Mtumiki (SAW) anakana. Anapempha kuti Mtumikiyo amusenzetse, anakananso. Abbas anachita kupungula kufikira katunduyo atalingana ndi mphamvu zake. Ndipo Mtumiki (SAW) sanachoke pamalopo kufikira dirham yomaliza itagawidwa.

Mtumiki (SAW) sanaletse Abbas (RA) kapena wina aliyense kulandira chuma cha halaal. Chimene anakana ndi kusenzetsa munthu katundu woposa msinkhu wake. Mafunso athu atatu aja ndi njira yoyezera katunduyo.

Funso loyamba: kodi n'changa?

Kwathu kuno timamva anthu akunena kuti kutola si kuba. Zoonadi si kuba, koma sikusandutsa wotolayo kukhala mwini. Chinthu chotola chimatchedwa Luqatah, ndipo m'manja mwa wotola chimakhala Amaanah. Ubayy ibn Ka'b (RA) anatola kachikwama ka madinari 100, ndipo Mtumiki (SAW) anamulamula kuti alengeze, asunge chiwerengero chake, maonekedwe a chikwamacho ndi chingwe chomangira. Kuchokera mu Hadith imeneyi ndi ya Zayd ibn Khalid (RA), ma Ulama anakhazikitsa chaka chimodzi cholengeza, pamalo pomwe chatoledwa ndi pomwe anthu amasonkhana. Wolengeza asatchule zizindikiro zonse, kuti mwini weniweni adziwike pozifotokoza.

Chaka chikatha mwini osapezeka, madh-hab a Imam Shafi'i amalola wotolayo kuchitenga, wolemera kapena wosauka, koma mwini akadzatulukira ayenera kubwezeredwa. Madh-hab a Imam Abu Hanifa amati wolemera achipereke Swadaqa m'malo mwa mwiniyo, ndipo wosauka yekha ndiye angachigwiritse ntchito. Tinthu ting'onoting'ono timene mwini sangatifunefune, monga chipatso chimodzi cha tende, sitifunika kulengezedwa.

Nanga ndalama yolowa molakwika pa Airtel Money kapena pa Mpamba? Ophunzira ambiri amaiyesa Luqatah, koma siyo. Luqatah ndi chuma chomwe mwini wake sakudziwika, pamene apa dzina kapena nambala ya wotumiza zimaonekera, ndipo kampani imatha kumupeza. Palibe chaka chodikira: ndalamayo ibwezedwe msanga. Kuzimitsa foni ndi kuthamangira kukaitapa ndi kudya chuma cha mnzako mopanda chilungamo, chimene Surat An-Nisaa ndime 29 ikuletsa. Mwina wotumizayo amalipira fizi ya mwana kapena mankhwala a wodwala.

Ndalama yopambana pa juga, kaya ndi kubetcha pa mpira kapena lotale, ndi Maysir, yomwe yaletsedwa mu Surat Al-Maaida ndime 90 ndi 91. Munthu sakhala mwini wa chuma chotere. Akalapa, achichotse m'manja mwake: achibweze kwa amene chinatengedwa ngati akudziwika, apo ayi achipereke kwa osauka kapena ku ntchito zothandiza anthu, ndi cholinga chodziyeretsa, posayembekezera malipiro a Swadaqa.

Palinso Rikaaz, chuma chokwiriridwa ndi anthu akale cha m'nyengo ya Chisilamu chisanafike. Wochipeza amapereka gawo limodzi mwa magawo asanu nthawi yomweyo, popanda kudikira chaka. Kwa Imam Shafi'i lamuloli ndi la golide ndi siliva wokwana Nisaab, ndipo gawolo limapita kwa olandira Zakaat.

Koma chuma chadzidzidzi chimene chimagwetsa mabanja ambiri kwathu ndi cha masiye. Bambo akamwalira, ndalama ya kuntchito kapena ya ku banki imatulukira m'dzina la munthu mmodzi, mwina mwana wamkulu kapena m'bale wa malemu, ndipo iye amaiyesa yake. Kusainira ndalama sikupatsa umwini. Ndondomeko ya Shariah ndi iyi: zofunika pa maliro, kenako ngongole za malemu, kenako Wasiyyah wosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu, kenako alowam'malo monga momwe Surat An-Nisaa ndime 11, 12 ndi 176 zagawira. Mkazi wamasiye amene mwamuna wake wasiya ana amalandira gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu, mayi a malemu limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi. Pamene malemu wasiya mwana wamwamuna, abale ake a malemuyo alibe gawo, ngakhale mwambo wa mbumba utanena zina. Ndime 10 ya Surah yomweyo ikuyerekeza kudya chuma cha ana amasiye ndi kudya moto. Nalo lamulo la dziko la Malawi la 2011 lokhudza chuma cha masiye limati kulanda chumachi ndi mlandu.

Funso lachiwiri: ndani ali ndi gawo?

Tinene kuti chumacho n'chanu ndithu. Woyamba kuima pakhomo ndi amene munamukongola. Mtumiki (SAW) anatcha kuzengereza kubweza ngongole kwa munthu amene ali nazo kuti ndi kupondereza. Dzulo munali ndi chifukwa chomveka, lero chatha. Mahr imene mkazi wanu sanalandirebe nayo ndi ngongole, ngakhale patapita zaka makumi awiri iye osaitchula. Kenako pamabwera Nafaqah: chakudya, chovala ndi pogona pa mkazi, ana ndi makolo osowa. Munthu wopereka malata ku mzikiti pamene wa golosale akumudikira ndipo denga la mayi ake likudontha, watsogoza Sunnah n'kusiya Fardh.

Za Zakaat, chuma chotere ma Ulama amachitcha Maal Mustafaad, kutanthauza chuma cholowa m'kati mwa chaka chomwe si phindu la malonda amene munthu anali nawo kale. Nisaab ndi ma mithqaal 20 a golide, pafupifupi magalamu 85, kapena madirham 200 a siliva, pafupifupi magalamu 595. Pa ndalama za mapepala ma Ulama ena amayezera golide, ena siliva poti imakomera osauka. Mlingo wopereka ndi K2.50 pa K100 iliyonse, pakatha Haul, chomwe ndi chaka cha mwezi cha masiku pafupifupi 354.

Kusiyana kuli pa tsiku loyambira kuwerenga. Tiyerekeze mphunzitsi amene amapereka Zakaat yake mwezi wa Ramadhan chaka chilichonse, ndipo walandira K12,000,000 yopumira pantchito mwezi wa Rajab. Kwa Imam Abu Hanifa, amene anamwalira mu 767, ndalama yatsopanoyo iphatikizidwa ndi yakale, ndipo ikakhala kuti ilipo yonse pofika Ramadhan, patangopita miyezi iwiri, apereka K300,000 pa iyo. Kwa Imam Shafi'i, amene anamwalira mu 820, ndalamayo ili ndi Haul yakeyake: adikira Rajab wa chaka chamawa n'kupereka pa yomwe yatsala. Ngati yatsala K8,000,000, apereka K200,000. Imam Malik ndi Imam Ahmad ali kumbali yomweyi pa nkhani ya ndalama. Munthu amene analibe Nisaab, onse agwirizana kuti chaka chake chiyamba tsiku lomwe walandira.

Pali ganizo lachitatu, losimbidwa kuchokera kwa Ibn Abbas, Ibn Mas'ud ndi Mu'awiya (RA), lakuti Zakaat iperekedwe pa tsiku lolandira. Sheikh Yusuf al-Qaradawi, amene anamwalira mu 2022, analitsamira m'buku lake la Fiqh al-Zakat pa nkhani ya malipiro akuluakulu. Asilamu ambiri m'Malawi amatsatira Imam Shafi'i, ndipo ena, makamaka amene makolo awo anachokera ku India, amatsatira Imam Abu Hanifa. Mphunzitsi adziwe mbali zonse kuti asadzudzule m'bale wake pa nkhani yomwe ma Imam anasiyana. Wofuna kupereka msanga, Haul isanakwane, madh-hab onse awiriwa amamulola malinga ngati ali kale ndi Nisaab.

Chuma chadzidzidzi chingathenso kukakamiza Hajj. Ngati mutabweza ngongole ndi kusiyira banja zokwanira patsalabe ndalama ya ulendo, Hajj yakhala Fardh pa inu. Imam Shafi'i amalola kuichedwetsa kwa amene watsimikiza mumtima kuti adzapita, pamene ma Imam ena ambiri amati ichitike msanga.

Funso lachitatu: chotsala ndichiike pati?

Apa Shariah yapereka ufulu, koma mbiri yatisiyira zitsanzo. Khaybar itagonjetsedwa m'chaka cha 7 cha Hijra, chomwe ndi 628, Umar ibn al-Khattab (RA) anapeza munda umene iye mwini anati sanakhalepo ndi chuma chamtengo ngati chimenecho. Sanathamangire kugulitsa. Anapita kukafunsa nzeru kwa Mtumiki (SAW), amene anamuuza kuti ngati akufuna, asunge mundawo n'kumapereka zokolola zake. Umar anaika lamulo lakuti mundawo usagulitsidwe, usaperekedwe mphatso, usalowe m'chuma cha masiye, ndipo zipatso zake zipite kwa osauka, achibale, akapolo ofuna kuomboledwa, panjira ya Allah, apaulendo ndi alendo. Woyang'anira analoledwa kudyako mwamlingo. Hadith imeneyi ndiyo maziko a malamulo a Waqf.

Kwa wophunzira wanga uja wofuna kupereka zonse, ndinamukumbutsa za Ka'b ibn Malik (RA). Kulapa kwake kutalandiridwa pambuyo pa nkhondo ya Tabuk, m'chisangalalo chake anafuna kupereka chuma chake chonse. Mtumiki (SAW) anamuuza kuti asungeko china, ndipo anasunga gawo lake la ku Khaybar. Sa'd ibn Abi Waqqas (RA) naye, akudwala, analoledwa gawo limodzi lokha mwa magawo atatu, n'kuuzidwa kuti kusiya ana ali ndi kanthu kuli bwino kuposa kuwasiya akupemphetsa. Wophunzirayo anati, "Nanga Abu Bakr, Sheikh, sanapereke zonse?" Anaperekadi. Ma Ulama amafotokoza kuti izi zimaloledwa kwa munthu wolimba pa Tawakkul, amene iye ndi banja lake angapirire, komanso wopanda ngongole. Amene angapereke lero n'kumadandaula mawa, atsate njira ya Ka'b. Surat Al-Israa ndime 29 ikuletsa zonse ziwiri, kuumira ndi kumwaza.

Kusunga nakonso kumafuna nzeru. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anabisa ndalama pansi pa matiresi anadzuka ili yomweyo pa chiwerengero, koma yosagula zomwe inkagula. Kuiika pa katapila kapena pa chiwongoladzanja ndi Ribaa. Njira za halaal zilipo: munda wa mapepala omveka bwino, ziweto, nyumba ya lendi, maphunziro a ana, kapena malonda ogawana phindu monga Mudhaarabah, olembedwa ndi kuikiridwa umboni ngakhale mnzanuyo ndi m'bale. Ndipo musalowe malonda omwe simukuwadziwa chifukwa chakuti wina wamva kuti mwalandira ndalama.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene chuma chamufikira mwadzidzidzi achite Sajdah yothokoza, asunge pakamwa, ndipo kwa masabata angapo asagule chilichonse chachikulu. Atenge pepala alembe tsiku lomwe walandira pa kalendala ya Hijra, gwero la ndalamayo, mayina a onse omwe ali ndi gawo, ndi ngongole zake zonse. Kenako apite nalo kwa wodziwa Fiqh, aswali Istikhaara, n'kuyamba kulipira kuchokera pamwamba pa mndandandawo. Tirmidhi anasimba kuti pa tsiku la Qiyaamah munthu adzafunsidwa kawiri za chuma chake, komwe anachipeza ndi komwe anachipititsa. Pepala lija ndi pokonzekerera mayankho awiriwo.

Allah ndiye Wodziwa koposa.